Anthu Otchuka a M'dziko Lathu: Dr. Daniel Malekebu, Sing'anga wa ku Mbombwe

M'chigawo chapitachi tidakamba za Mbusa John Chilembwe ndi nkhondo ya m'chaka cha 1915. Lero tikhalabe m'boma la Chiradzulu, pakuti pamalo omwewo pamene Chilembwe adasiya mabwinja padadzafika munthu wina amene ambiri a ife sitidamve dzina lake kusukulu. Ameneyu ndi Dr. Daniel Sharpe Malekebu, Mmalaŵi woyamba kupata digiri ya udokotala. Mbiri yawo itiphunzitsa kuti wofuna kusamala ana ayenera kukhala ndi manja ochiza, ndiponso pakamwa podziŵa kulankhula ndi boma.

Daniel adabadwira ku Chiradzulu cha m'ma 1890. Chilembwe atatsekula mishoni ya Providence Industrial Mission pa Mbombwe m'chaka cha 1900, mnyamatayu adali mmodzi mwa ana oyamba kuloŵa sukuluyo. Mu 1902 pamishonipo padafika Mayi Emma DeLaney, mphunzitsi wachikuda wa ku America, ndipo Daniel adayamba kuwathandiza ntchito za pakhomo. Mayiwa adaona kuti mwanayo ngwanzeru, namulera ngati wawo.

Mayi DeLaney atabwerera kwawo, mtima wa Daniel sudakhazikike. Makolo ake sadafune kuti apite, koma iye adanyamuka wapansi mpaka kudooko la Beira, napeza ntchito m'sitima yapamadzi, nafika ku London, ndipo potsiriza ku New York. Ku America adaphunzira pa Selma University ku Alabama ndi ku Durham, kenaka adaloŵa sukulu ya udokotala ya Meharry mumzinda wa Nashville, natsiriza mu 1917. Sukulu yomweyi ndiyo adadzatsirizako Dr. Hastings Kamuzu Banda mu 1937, patapita zaka 20. A Malekebu adaphunziranso za Baibulo pa Moody Bible Institute ku Chicago, kotero kuti adali dokotala ndi mbusa yemwe.

Mu 1919 adakwatira Mayi Flora Zeto, obadwira ku Congo. Mayiwa adali amasiye ali khanda, ndipo adaleredwa ndi Mayi Clara Howard, mmishoni wachikuda amene adawatengera kusukulu ya Spelman ku Atlanta. Tsono onse aŵiri, bambo ndi mayi, adali ana oleredwa ndi anthu osakhala abale awo. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo banjali lidaudziŵa mwambiwu m'moyo wawo.

Pamene a Malekebu adali pasukulu kunjako, kwawo kudagwa zoopsa. Nkhondo ya Chilembwe idayamba pa 23 January 1915, ndipo pa 3 February Chilembwe adaphedwa. Boma la atsamunda lidaphwanya tchalitchi cha pa Mbombwe ndi kutseka mishoni pamodzi ndi masukulu ake onse. Posimba nkhaniyi timakonda kutchula amuna amene adaphedwa kapena kumangidwa, koma timaiŵala ana. Masukulu aja adali ndi ana pafupifupi 1,000 m'chaka cha 1912. Anaŵa sadagwire mkondo kapena mfuti, komabe sukulu yawo idakhala chitsekere zaka 11, ndipo mwana amene adali ndi zaka 7 potseka adali mnyamata wa zaka 18 potsekula.

A Malekebu ndi akazi awo adayesa kubwerera mu 1921, koma atafika pa Port Herald, pamene lero timati Nsanje, boma lidawakaniza kuloŵa. Atsamunda ankaopa munthu aliyense wophunzira ku America ndi wochokera m'manja mwa Chilembwe. Taganizani, dokotala weniweni kubwezedwa pamalire a dziko lake, dziko limene madokotala adali oŵerengeka pa zala! Munthu wina akadapsa mtima, nakakhala ku America kumene ntchito sikadawasoŵa. Iwo adatsikira ku Cape Town, kenaka ku Liberia, nagwira ntchito pasukulu ya Ricks Institute, akudikira. Akhristu otsala ku Chiradzulu nawonso sadaleke kupempha boma, ndipo bungwe la National Baptist Convention ku America lidathandizapo. Chilolezo chitaperekedwa, banjali lidafika pa Mbombwe mu 1926.

Adapeza thengo ndi njerwa zogumuka. Pang'onopang'ono adamanganso tchalitchi, natsekula sukulu pamishoni ndi m'midzi, nakhazikitsa chipatala. Mayi Flora adagwira ntchito pakati pa atsikana ndi amayi, kuwaphunzitsa kuŵerenga, kusoka ndi kusamala pakhomo. Iyi sidali ntchito yaing'ono, chifukwa mayi wodziŵa ukhondo ndiye chipatala choyamba cha mwana.

Masiku amenewo ana ankafa ndi malungo, chikuku, nthomba, kutsekula m'mimba ndi chifuwa chokoka mtima, ndipo ambiri ankafooka ndi likodzo ndi njoka za m'mimba. Dokotala aliyense adziŵa kuti matenda otereŵa satha ndi mankhwala okha. Mwana ukamuchiza njoka za m'mimba, nabwerera kumudzi kopanda zimbudzi, njokazo zimloŵanso kudzera kumapazi. Ukamuchiza kutsekula m'mimba, nakamwanso madzi a pachithaphwi, mwezi usanathe abweranso. Ndipo mwana amene sakhuta, chikuku chimene mnzake wonenepa apola nacho chimutenga.

Njala ya ana a ku Chiradzulu idali ndi gwero lake. Malo ambiri achonde adali m'manja mwa azungu a minda ikuluikulu, monga ya A. L. Bruce ku Magomero. Anthu okhala pamalo otero ankalipira malowo pogwira thangata, ndipo thangatayo ankafika nyengo ya dzinja, pamene munda wa mwini umafuna khasu. Bambo akakhala kumunda wa mzungu, nkhokwe yake idali yopereŵera, ndipo woyamba kumva kupereŵerako adali mwana wongoleka kuyamwa. Pamwamba pa izi padali msonkho wa nyumba, umene udathamangitsira abambo ambiri ku Halale ndi ku Joni. Bala la mwana dokotala angathe kulimanga yekha, koma za malo, thangata ndi msonkho zimasinthidwa ndi malamulo.

Ndicho chifukwa chake a Malekebu sadakhale m'chipatala mokha. Mu 1929 adayambitsa bungwe la Chiradzulu Native Association, ndipo adakhalanso m'khonsolo ya bomalo. Mabungwe otere adayamba ndi la North Nyasa mu 1912, ndipo ankalembera boma madandaulo a anthu pa za masukulu, zipatala, msonkho ndi malo. La ku Chiradzulu lidatchuka chifukwa kumisonkhano yake kunkabwera mafumu ndi anthu wamba ambiri, osati aphunzitsi ndi makalaliki okha. Mu 1944 mabungwe ameneŵa adaphatikizana napanga Nyasaland African Congress.

Alipo ena amene amati a Malekebu adafatsa kwambiri powayerekeza ndi Chilembwe. Koma tiyenera kukumbukira kuti maso a boma adali pa iwo usana ndi usiku, ndipo liwu limodzi lolakwika likadatsekanso mishoni. Iwo adaona chimene chimagwera ana pamene sukulu yatsekedwa. Motero adasankha njira ya kalata, msonkhano ndi kudandaula kosatopa. Njirayi njochedwa ndipo ilibe nyimbo zoitamanda, koma atsamunda sadatsekenso mishoni ya pa Mbombwe.

Mpingo udakula mpaka kumaiko oyandikana nafe, ndipo mu 1945 a Malekebu adakhazikitsa National Baptist Assembly of Africa. Zaka za ukalamba wawo sizidali zamtendere, pakuti padabuka mikangano ya utsogoleri ndi chuma imene idagaŵanitsa mpingo. Adamwalira m'chaka cha 1978.

Zambiri zimene anthu a m'badwo wawo ankapempha zidadzakwaniritsidwa iwo atapita. Mu 1980 kudalengezedwa kuti nthomba yatha pa dziko lonse lapansi chifukwa cha katemera. Mu 1994 boma lidachotsa fizi m'sukulu zapulaimale. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo losamala ndi kuteteza ana, ndipo mu 2017 idasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 akhale mwana, wosayenera kukwatiwa. Palibe chimodzi mwa izi chimene chidagwa kumwamba. Chilichonse chidayamba ndi anthu amene adaona ana akuvutika nakalankhula kwa olamula.

Inu aphunzitsi, ndinu oyamba kuona mwana wosinza ndi njala m'kalasi, ndi mtsikana amene wangosoŵa pakati pa teremu. Musangolemba m'kaundula kuti wajomba. Kauzeni komiti ya sukulu, amfumu, khansala ndi ofesi yoona za ana kuboma, ndipo akachedwa kuyankha, bwereraninso. Inunso amene mwangotsiriza sukulu, kumudzi kwanu kuli amayi ofuna wowaŵerengera khadi la kusikelo, ndi amfumu ofuna wowalembera kalata yopempha mjigo. A Malekebu adadikira zaka zisanu kunja kwa dziko lawo kuti ana a ku Mbombwe aloŵenso m'kalasi.