Thomas Malthus, wansembe amene anayeza anthu ndi nkhokwe

M'chaka cha 1798, mumzinda wa London munatuluka kabuku kopanda dzina la mlembi, kotchedwa An Essay on the Principle of Population. Panthawiyo dziko la Britain linali lisanachitepo kalembera, moti panalibe wodziwa bwino kuchuluka kwa anthu ake. Komabe kabukuko kananena mosapsatira kuti anthu amachulukana msanga kuposa chakudya, ndipo njala, matenda ndi nkhondo ndi zimene zimabweza chiwerengero chawo pamlingo wa zokolola. Mlembi wake anali Thomas Robert Malthus, wansembe wa mpingo wa Angilikani, wa zaka 32.

Malthus anabadwa mu Febuluwale 1766 pafupi ndi Dorking, m'chigawo cha Surrey, m'banja lopeza bwino. Anabadwa ndi mlomo wong'ambika ndipo ankayankhula movutikira, koma izi sizinamulepheretse kupambana masamu ku Jesus College, ku Cambridge, kumene anamaliza mu 1788. Atadzozedwa unsembe anatumikira pa katchalitchi kakumudzi ka Okewood, pakati pa aganyu a m'minda, kubatiza ana awo ndi kuika maliro awo.

Kabuku kaja kanachokera pa mkangano wa pakhomo. Bambo ake, a Daniel, ankakhulupirira ziphunzitso za William Godwin ndi Condorcet zoti umphawi umadza chifukwa cha maulamuliro oipa, ndipo udzatha anthu akadzakonza malamulo. Mwanayo anatsutsa ndi masamu. Potengera za ku America, kumene malo olima anali ambiri, anati chiwerengero cha anthu chikhoza kuwirikiza pa zaka 25 zilizonse, monga 1, 2, 4, 8, 16, pamene chakudya chimangowonjezekera pang'onopang'ono, monga 1, 2, 3, 4, 5. Mbali ya anthu inali ndi umboni wake. Ya chakudya inali yongoganizira, ndipo apa m'pamene panagona kufooka kwa chiphunzitso chonse.

Iye mwini anaona kuti umboni unali woperewera. Mu 1799 anayendera Norway, Sweden, Finland ndi Russia, kufunsa za maukwati, zokolola ndi mabuku a ubatizo, ndipo mu 1802 anafika ku France ndi Switzerland. Kalembera woyamba wa 1801 anapeza anthu oposa 10 miliyoni m'Britain, pamene iye ankayerekeza 7 miliyoni. Buku lachiwiri la 1803, lalikulu kwambiri ndiponso lokhala ndi dzina lake, linafewetsako mfundo: anthu angapewe tsoka pochedwa kulowa m'banja ndi kudziletsa. Njira zolera anazikana monga wansembe, ngakhale kuti amene anadzazilimbikitsa pambuyo pake anadzitcha ndi dzina lake.

Chimene chinamudanitsa ndi anthu ambiri ndi maganizo ake pa thandizo la osauka. Anati ndalama zimene maparishi ankapereka zimalimbikitsa maukwati a anthu opanda chodyetsera ana, ndipo anafuna kuti thandizolo lithe pang'onopang'ono. Kwa eni chuma imeneyi inali nkhani yokoma m'makutu, pakuti mlandu wa umphawi unachoka pa iwo n'kugwera osaukawo. Lamulo la 1834, limene linakankhira osowa m'nyumba zogwiriramo ntchito yakalavulagaga, linatsata mzimu womwewo. Kuyambira 1805 Malthus ankaphunzitsanso mbiri ndi zachuma pa koleji ya East India Company, imene inakhazikika ku Haileybury, yosula olamulira dziko la India. Mmodzi mwa ophunzira a pakolejiyo, Charles Trevelyan, ndi amene anadzayang'anira thandizo pa njala ya ku Ireland ya m'ma 1840, ndipo mpaka lero amadzudzulidwa chifukwa cha kuuma mtima.

Pa kuchulukana kwa anthu Malthus sanaphonye kwenikweni: ku Malawi kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni, wa 1987 pafupifupi 8 miliyoni, ndipo wa 2018 oposa 17.5 miliyoni. Chimene sanachione ndi feteleza, mbewu zamakono ndi makina, zimene zadyetsa dziko lapansi kuchoka pa anthu pafupifupi 1 biliyoni m'masiku ake kufika 8 biliyoni mu 2022. Ester Boserup mu 1965 anasonyeza kuti kuthinana kwa anthu kumawakakamiza kulima mwanzeru, ndipo Amartya Sen mu 1981 anasonyeza kuti njala imatha kupha anthu chakudya chilipo, ngati alibe chogulira. Charles Darwin anatolamo china: atawerenga bukuli mu 1838, anapeza mfundo ya kulimbirana moyo pakati pa zolengedwa.

Omudziwa ankamutchula munthu wofatsa, ndipo anakhala bwenzi lapamtima la David Ricardo ngakhale ankatsutsana pa zachuma kwa zaka zambiri. Anakwatira Harriet Eckersall mu 1804, nabereka ana atatu. Anamwalira mu Disembala 1834 pafupi ndi Bath, naikidwa m'tchalitchi cha Bath Abbey. Mwa ana ake atatuwo, palibe amene anasiya mwana.