Mbiri ya a Robert McCulloch, amene anawonjezera mphamvu injini za galimoto

Dzina la McCulloch limadziwika kwambiri kwa anthu oceka mitengo ndi makina a injini. Koma mwini dzinali, a Robert Paxton McCulloch a ku America, anayamba kuchuka ndi nchito ina, yopanga cipangizo cochedwa supercharger, cimene munthu anali kugula padera ndi kumangirira pa injini ya galimoto yake kuti ikhale ndi mphamvu zoculukirapo.

A McCulloch anabadwa pa 11 May 1911 mu mzinda wa St. Louis, m'cigawo ca Missouri. Ambuye awo, a John Beggs, analemera ndi makampani a magetsi, ndipo atamwalira mu 1925 anasiyira adzukulu awo cuma cambiri. Mnyamatayu akanatha kukhala pansi ndi kudya colowa, koma mtima wake unali pa makina. Anaphunzira uinjiniya pa yunivesiti ya Stanford, ndipo anali wokonda mipikisano ya maboti othamanga. Pambuyo pake anakwatira a Barbara Briggs, mwana wa mmodzi wa anthu amene anayambitsa kampani ya injini ya Briggs & Stratton.

Kampani yawo yoyamba, McCulloch Engineering, anaitsegula ku Milwaukee. Mu 1937 inayamba kugulitsa supercharger yoika pa injini ya V8 ya galimoto za Ford, zimene zinali m'manja mwa anthu wamba ambiri.

Kagwiridwe ka cipangizoci n'kosavuta kumva. Injini imapeza mphamvu potentha petulo wosakaniza ndi mpweya, ndipo payokha imakoka mpweya wa mlingo wocepa. Supercharger ya a McCulloch inali ndi cikupizo cozungulira mwaliwiro lalikulu, coyendetsedwa ndi lamba wocokera ku injini yomweyo. Cikupizoco cimakankhira mpweya wambiri m'kati, motero injini imatentha petulo woculuka ndi kutulutsa mphamvu zambiri popanda kuikuza. Apa m'pamene imasiyanirana ndi turbo, imene imayendetsedwa ndi utsi wotuluka mu injini. Komabe phindu limeneli lili ndi mtengo wake. Mpweya wopanikizidwa umatentha, ziwalo za injini zimasenza katundu wolemera, ndipo cikupizo cimadyako gawo la mphamvu zimene injini yapanga.

Mu 1943, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ili m'kati, a McCulloch anagulitsa kampaniyo kwa a Borg-Warner pa mtengo wa madola miliyoni imodzi. Atasamukira ku Los Angeles, anaika nzeru zawo pa injini zing'onozing'ono zopepuka. Mu 1949 kampani yawo ya McCulloch Motors inatulutsa makina ocekera mitengo olemera pafupifupi makilogalamu 11, amene munthu mmodzi anatha kunyamula ndi kugwiritsa nchito yekha. Makina ambiri a m'mbuyomo anali kufuna anthu awiri. Malonda amenewa ndi amene anakulitsa cuma cawo.

Ngakhale zinali tero, galimoto sanaziiwale. Anakhazikitsa nthambi yochedwa Paxton, kutengera dzina lawo lapakati. Nthambiyi inapanga galimoto yoyeserera yochedwa Paxton Phoenix mu 1953, koma galimotoyo siinafike pa msika. Cimene cinapambana ndi supercharger yatsopano ya VS57, imene inatuluka caka comweco. Anthu anali kuigula ndi kuiika pa galimoto zawo, ndipo makampani opanga galimoto nawonso anaitenga. Kaiser Manhattan ya 1954 inatuluka m'fakitale ili nayo kale. Studebaker Golden Hawk ya 1957 inafika pa mphamvu za akavalo 275 cifukwa ca cipangizoci, pamene Ford Thunderbird ya caka comweco, yoikidwa supercharger ya mtundu wina ya kampaniyi, inafika pa 300.

Zinthu zinasintha mu 1957 pamene bungwe la mipikisano ya galimoto la NASCAR linaletsa zipangizo zimenezi m'mipikisano yake. Mu 1958 a McCulloch anagulitsa nthambi ya supercharger kwa a Andy Granatelli, amene anapitiriza dzina la Paxton. M'zaka zotsatira dzinali linaoneka pa galimoto monga Studebaker Avanti ndi Shelby GT350.

Nchito imene inadabwitsa anthu koposa inabwera kumapeto kwa moyo wawo. Pofunafuna malo oyeserapo injini za maboti, a McCulloch anapeza nyanja ya Havasu pa mtsinje wa Colorado, m'cipululu ca Arizona. Mu 1963 anagula malo aakulu kumeneko kuti amange mzinda wa Lake Havasu City. Vuto linali lakuti malowo anali kutali ndiponso otentha kwambiri, cotero ogula mapuloti anali ocepa.

Pofuna kukopa anthu, mu 1968 anagula ulalo wa London Bridge pa mtengo wa madola 2,460,000. Ulalowu unatsegulidwa mu 1831 pa mtsinje wa Thames, koma unali kutitimira pang'onopang'ono ndipo sunalinso kukwanira galimoto za mu London. Miyala yake inalembedwa manambala, inanyamulidwa pa sitima za pamadzi kudzera mu ngalande ya Panama kufikira ku California, kenaka pa malole kupita ku Arizona. Anaumanganso pa mtunda pouma, ndipo pambuyo pake anakumba ngalande pansi pake kuti madzi adutse. Unatsegulidwa pa 10 October 1971. Ambiri anaona ngati ndalama zatayika, koma alendo ndi ogula malo anayamba kufika. Pa kalembera wa 2020 mzindawu unali ndi anthu opitirira 57,000.

A McCulloch anamwalira pa 25 February 1977 ku Los Angeles ali ndi zaka 65. Anasiya dzina lawo pa makina ocekera mitengo, pa supercharger za Paxton, ndiponso pa mseu waukulu wa Lake Havasu City, McCulloch Boulevard, umene umadutsa pamwamba pa ulalo umene anagula.