William Koyi: kalasi imodzi, matebulo awiri

Munthu akaima pamchenga wa ku Senga Bay m'boma la Salima kunja kutayera, amaona mapiri a ku Cape Maclear kuseri kwa zilumba za Maleri. Kumeneko ndiko kudafikira William Koyi mu 1876, mlaliki wachikuda wochokera ku South Africa amene adatsegula njira ya sukulu pakati pa Angoni a kumpoto kwa dziko lino.

Koyi adabadwa mu 1846 pakati pa anthu a mtundu wa Xhosa. Adayamba wagwira ntchito yoyendetsa ngolo, ndipo sukulu adailowa ali bambo kale, mu 1871, ku Lovedale pafupi ndi tauni ya Alice.

Sukuluyo idali yachilendo m'masiku amenewo. Potsegulidwa mu 1841 idalandira ophunzira 11 achikuda ndi 9 achizungu, onse m'kalasi imodzi, mphunzitsi mmodzi. Koma umodziwo unkathera pakhomo la kalasi. Nthawi ya chakudya ikakwana, azungu ankakhala patebulo pawo, akuda pawo, ndipo mbale sizinkafanana. Usiku aliyense ankapita kogona anthu a khungu lake. Mwana amene wapambana mnzake masamu m'mawa ankaona mnzake yemweyo akudya kutebulo limene iye sakadakhalapo. Eni sukulu ankanyadira kuti adasakaniza mitundu, koma tsankho lidangosamuka pachipata n'kukakhazikika m'chipinda chodyera.

Ngakhale phunziro lenilenilo lidali pamkangano. Mkulu woyamba, William Govan, ankafuna kuti akuda ndi azungu aphunzire zofanana mpaka pamwamba. James Stewart, amene adamulowa m'malo mu 1870, adakonda kuti akuda ambiri alandire maphunziro oyambira ndi ntchito zamanja. Koyi adaphunzira m'manja mwa Stewart.

Stewart yemweyo atapempha anthu odzipereka kukathandiza mishoni ya Livingstonia kunyanja, adatenga anayi: Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Koyi sadali wophunzira kwambiri pagululo. Wauchope adadwala n'kubwerera asadafike, Mngunana adamwalira mu 1877, ndipo Ntintili pambuyo pake adabwerera kwawo.

Chuma cha Koyi chidali lilime lake. Chilankhulo cha kwawo n'chapachibale ndi Chingoni, choncho Robert Laws pokakumana ndi Chikusi mu 1878 komanso M'mbelwa mu 1879, ankalankhula kudzera mwa iye. Mishoni itasamukira ku Bandawe mu 1881, Koyi adakwera kumapiri n'kukamanga ku Njuyu mu 1882. Amene ku Lovedale sankadya ndi azungu ndiye adasanduka pakamwa ndi khutu lawo pamaso pa mfumu ya ankhondo. Komabe sadamudzoze ubusa. Adakhala mlaliki mpaka imfa.

Kwa zaka zingapo M'mbelwa ndi nduna zake adakaniza sukulu, poopa kuti anyamata akaphunzira adzaleka nkhondo. Koyi adapirira, akulowa m'mabwalo ndi kucheza ndi akuluakulu m'chilankhulo chawo. Mu 1886, mvula itagwa pambuyo pa chilala, Angoni adavomera kuti ana aphunzire. Uthengawo udampeza ali gone, matenda atamufooketsa. Adamwalira pa 4 June chaka chomwecho ndipo adaikidwa ku Njuyu komweko.