Mbiri ya malemu Woody Guthrie, woimba amene anayesedwa cidakwa ndi wamisala

A Woody Guthrie, woimba wochuka wa ku America, anabadwa pa 14 July 1912 m'tauni ya Okemah, m'cigawo ca Oklahoma. Iwo ali mwana, amai ao a Nora anayamba kugwedezeka thupi ndi kupsa mtima popanda cifukwa. Mu 1927 anawatsekera m'cipatala ca amisala, kumene anamwalira. Banja silinadziwe kuti awa anali matenda a Huntington, amene amaononga ubongo pang'onopang'ono.

A Guthrie anachuka poimba pa wailesi ku Los Angeles nyimbo za alimi osauka ndi anchito. Mu 1940 anapeka nyimbo ya This Land Is Your Land, ndipo mu 1943 anatulutsa buku la moyo wao, Bound for Glory.

Patapita zaka, nawonso anayamba kudzandira poyenda, kulankhula mosamveka ndi kusintha khalidwe. Madotolo anaganizira mowa, ena anati ndi schizophrenia. Mu 1952 m'pamene cipatala ca Brooklyn State cinapeza matenda a amai ao aja.

Matendawa angasokonezenso maganizo, kotero kuti odwala ena amakhulupirira zinthu zosaona, monga zakuti abale afuna kuwapha. Koma kwa a Guthrie zinatembenuka. Mu 1956 apolisi a ku New Jersey anawagwira ngati munthu woyendayenda, nawapereka ku cipatala ca Greystone Park. Pamene ananena kuti anapeka nyimbo zambiri ndi kulemba buku, a cipatala anayesa kuti ndi misala, cikhalireco zinali zoona.

Anamwalira pa 3 October 1967 ku New York, ali ndi zaka 55. Ana ao awiri aakazi anafanso ndi matendawa, pakuti mwana aliyense wa wodwala ali ndi mpata wa theka wa kuwatengera. A Marjorie, amene anali akazi ao, anayambitsa bungwe lolimbana ndi matendawa, ndipo mu 1993 akatswiri anapeza jini imene imawayambitsa. Mankhwala ociza kulibe, koma ocepetsa kugwedezeka ndi kusokonezeka kwa maganizo alipo.

M'makomboni a Lusaka monga Kanyama, Matero ndi Chawama, munthu wodzandira ndi wolankhula zosokonezeka sacedwa kuchedwa cidakwa kapena wolodzedwa. Munthu wotere ayenera kupimidwa ku kiliniki, kumene angamtumize ku UTH kapena ku Chainama. Ndipo zonena zace ziyenera kumvedwa, pakuti si zonse zimene ziri za matenda.