Ephrem Woyera, Dikoni Amene Anaphunzitsa Chikhulupiriro Kudzera M'nyimbo

Pa 9 Juni chaka chilichonse Mpingo wa Katolika umakumbukira Ephrem Woyera wa ku Syria. Ambiri a ife kuno ku Thyolo dzinali sitilidziwa, ndipo ana obatizidwa nalo ndi owerengeka. Komatu amayi amene amachokera kothyola tiyi ku Satemwa, ku Conforzi kapena ku Naming'omba nathamangira kokonzekera nyimbo za Misa ya Lamulungu ayenera kumudziwa, chifukwa ntchito imene amagwirayo iye ndi mmodzi mwa amene anaiyala maziko.

Ephrem anabadwa cha m'ma 306 mumzinda wa Nisibis, umene lero umatchedwa Nusaybin, m'dziko la Turkey kumalire ndi Syria. Chiyankhulo chake chinali Chisiriya, nthambi ya Chiaramu chimene Ambuye Yesu ankayankhula. Anakulira m'manja mwa Episkopi Jacob wa ku Nisibis, mmodzi mwa maepiskopi amene anasonkhana ku Nicaea mu 325 kudzatsimikiza kuti Yesu Khristu ndi Mulungu weniweni. Ephrem anakhala mphunzitsi wa akhristu, kenaka dikoni, ndipo anakhalabe dikoni mpaka imfa yake. Unsembe sanaulandire.

Nisibis unali mzinda wa kumalire a ufumu wa Aroma, ndipo mtendere kunalibe. Mfumu Shapur II ya ku Persia inauzinga katatu, mu 338, 346 ndi 350, koma inalephera kuulanda. Zimene nkhondo inalephera zinatheka ndi pangano: mu 363 mfumu ya Aroma, Jovian, inaupereka mzindawo kwa Aperezi, ndipo akhristu anasamuka. Ephrem, ali ndi zaka zoposa 50, anasiya kwawo nakakhazikika ku Edessa, kumene lero ndi Urfa. Ife amene makolo athu ena anachoka ku Mozambique ndi mitolo pamutu kudzafuna ntchito m'minda ya tiyi tikudziwa kuti kuyambanso moyo kuchilendo utakula si chinthu chapafupi.

Ku Edessa anapeza akhristu ali ogawikana. Kunali otsatira Arius amene ankakana umulungu wa Khristu, otsatira Marcion, otsatira Mani, ndiponso otsatira Bardaisan, mphunzitsi amene anamwalira mu 222 koma nyimbo zake zinali zikadali pakamwa pa anthu. Ephrem anaona kuti chiphunzitso cholakwikacho sichinkafala ndi mabuku, pakuti owerenga anali ochepa. Chinkafala ndi nyimbo. Ulaliki munthu amaiwala asanafike kunyumba, koma nyimbo amapita nayo kumunda, kuchitsime ndi kumaliro. Motero Ephrem sanangoletsa anthu kuimba nyimbozo; anawapekera zina zonena zoona.

Nyimbo zake, zotchedwa madrashe m'Chisiriya, zinali ndi ndime zambiri ndiponso mawu obwereza amene mpingo wonse unkavomera, monga momwe ife timachitira wotsogolera akayambitsa nyimbo. Zoposa 400 zilipo mpaka lero, ngakhale kuti maimbidwe ake anatayika ndipo tatsala ndi mawu okha. Anapeka za kubadwa kwa Ambuye, za Paradizo, za kusala kudya, za Ukaristia, za Amayi Maria ndi za Utatu Woyera. Sankakonda kutsekera Mulungu m'matanthauzo ouma. Ankatenga zinthu zooneka ndi maso, monga moto, mafuta, kalirole ndi ngale, nazigwiritsa ntchito pofotokoza zinsinsi za chikhulupiriro. Nyimbo zisanu anazipeka pongosinkhasinkha za ngale imodzi, akuitembenuza uku ndi uku, naona m'menemo Khristu, Mpingo ndi chikhulupiriro. N'chifukwa chake akhristu a kwawo anamutcha Zeze wa Mzimu Woyera.

Chimene chimatikhudza kwambiri ndi anthu amene anawapatsa nyimbozo. Jacob wa ku Serugh, episkopi ndi mlakatuli amene anamwalira mu 521, analemba kuti Ephrem anakhazikitsa makwaya a amayi ndi kuwaphunzitsa kuimba m'tchalitchi. Panthawi imene mawu a akazi sankamveka kawirikawiri pamsonkhano wa akhristu, iye anaika chiphunzitso cha Nicaea pamilomo pawo, ndipo mpingo wonse, amuna ndi ansembe omwe, unkachimva kuchokera kwa iwo. Kwaya yake inali sukulu ya katekisimu.

Apa pali funso kwa ife makatekisiti ndi atsogoleri a makwaya. Msonkhano wa Vatican II, mu 1963, unatsegula khomo kuti mitundu ya anthu iimbire Mulungu m'ziyankhulo ndi m'maimbidwe awo, ndipo ng'oma, visekese ndi magitala zinalowa m'matchalitchi athu. Tikuthokoza. Koma kodi nyimbo yatsopano ikabwera, ndani amakhala pansi kuwerenga mawu ake isanaimbidwe pa Misa? Nthawi zina timatha masabata tikukonza mavinidwe ndi yunifolomu za mpikisano, pamene mawu a nyimboyo palibe amene wawayesa ndi Malembo Oyera. Ana a Tilitonse amene amakhala kutsogolo aja amaloweza chilichonse chimene kwaya yaimba, cholondola ndi cholakwika chomwe, ndipo m'matchalitchi a nthambi kumene wansembe amafika mwa apo ndi apo, nyimbo ndi imene imalalika kwambiri.

Chakumapeto kwa moyo wake ku Edessa kunagwa njala yoopsa. Olemera anali ndi chakudya m'nkhokwe koma ankakana kuchitulutsa, ponena kuti panalibe munthu wokhulupirika woti n'kuchigawa. Ephrem, nkhalamba tsopano, anadzipereka yekha, ndipo iwo anavomera chifukwa ankamudziwa. Palladius, wolemba mbiri ya amonke, akutiuza kuti anayala mabedi pafupifupi 300 m'makonde a mzindawo, nasamalira odwala ndi alendo, naika m'manda amene anamwalira. Njala itatha anabwerera kunyumba kwake, ndipo pasanapite nthawi anamwalira pa 9 Juni 373.

Zolemba zake zinamasuliridwa msanga m'Chigriki, m'Chiarmenia ndi m'Chilatini, ndipo Jerome Woyera, amene analemba patangopita zaka pafupifupi 20 chimwalirire Ephrem, ananena kuti m'matchalitchi ena zinkawerengedwa poyera pambuyo pa Malembo Oyera. Pa 5 Okutobala 1920 Papa Benedict XV analengeza kuti dikoni ameneyu ndi Mphunzitsi wa Mpingo wonse.