Kodi Montessori Anali Ndani?

Anzanga, mukapita m'tauni mumaona zikwangwani za nazale zolembedwa kuti Montessori. Ambirife timayesa ndi dzina la bizinesi chabe. Ayi ndithu, anali munthu, komanso mzimayi.

Mayi Maria Montessori anabadwa mu 1870 ku Chiaravalle m'dziko la Italy. Mu 1896 anamaliza maphunziro a udokotala ku yunivesite ya Rome, nthawi imene akazi m'kalasi yotere anali osowa kwabasi.

Ntchito inawafikitsa kumalo osungirako ana a vuto la ubongo. Kumeneko ana akatha kudya ankakwawa pansi n'kumatola nyenyeswa za buledi. Wowasamalira ankati ndi dyera basi. Mayiwa anaona zina: m'chipindamo munalibe choseweretsa n'chimodzi chomwe, ndiye timanja tija tinkasowa chogwira.

Mu 1907 anatsegula sukulu yotchedwa Casa dei Bambini ku San Lorenzo, dera la anthu osauka mu Rome. Ana ankaphunzira kumanga mabatani ndi zingwe za nsapato, kusesa, ndi kuthira madzi m'kapu osatayira pansi. Zilembo anazidula pa sandipepala kuti mwana azizitsata ndi chala asanagwire pensulo. Mukudziwa? Ana a zaka 4 anayamba kulemba! Ine ndikakumbukira mmene ndinamukalipirira mng'ono wanga chifukwa choumba ng'ombe zadongo pakhonde, manyazi amandigwira.

Atasemphana ndi boma la Mussolini, anachoka ku Italy mu 1934. Kuyambira 1939 mpaka 1946 ankasula aphunzitsi ku India. Anamwalira ku Netherlands mu 1952, ali ndi zaka 81.