Percy Julian, Mdzukulu wa Akapolo Amene Adapeza Mankhwala m'Nyemba

Aliyense amene adakhalako ku Bwanje, m'boma la Ntcheu, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala akudziŵa m'mene dzuŵa limaswera mtengo m'chigwa chimenechi ndi m'mene fumbi limakwerera. Imeneyi ndiyo nyengo imene ana ambiri amayenda akutikita m'maso. Maso amayabwa, amafiira, zikope zimatupa, ndipo mwana amathaŵa kuŵala ngati kadzidzi. Ena mwa ana otereŵa akafika kwa dokotala wa maso amapatsidwa kabotolo ka mankhwala odontheza, kolembedwa dzina lachilendo monga prednisolone, dexamethasone kapena hydrocortisone, ndipo pasanapite masiku ambiri kutupa kuja kumaphwa. Mankhwala onseŵa ndi a mtundu umodzi wotchedwa steroid, ndipo m'chaka cha 1949 ena a mtundu umenewu anali odula kuposa golide. Lero tikamba za mmodzi mwa anthu amene adagwetsa mtengo umenewo.

Percy Lavon Julian adabadwa pa 11 Epulo 1899 mumzinda wa Montgomery, m'chigawo cha Alabama, ku America. Agogo ake adali akapolo. Bambo wake, James Julian, ankagwira ntchito yosankha makalata m'sitima yapamtunda, ndipo mayi wake, Elizabeth, adali mphunzitsi. Percy ndiye adali woyamba mwa ana asanu ndi mmodzi. Masiku amenewo sukulu za anthu akuda ku Alabama zidali zopereŵera kwambiri, kotero kuti pamene adafika pa yunivesite ya DePauw, ku Indiana, m'chaka cha 1916, adapezeka kuti anali wotsalira pa maphunziro a sekondale. Motero ankaphunzira za sekondale ndi za yunivesite nthaŵi imodzi, kwinaku akuperekera zakudya ndi kusonkhezera moto m'nyumba ina yogona anyamata achizungu, iye nkumagona m'kachipinda ka kudenga. Mu 1920 adatsiriza maphunziro ake ali woyamba m'kalasi lonse.

Anzake achizungu amene adaŵaposa adaitanidwa kukapitiriza maphunziro apamwamba, koma iye adalangizidwa kuti akaphunzitse anthu a mtundu wake. Adaphunzitsa zaka ziŵiri pa Fisk, ku Nashville, kenaka adapita ku Harvard kumene adalandira digiri yachiŵiri mu 1923. Kumeneko sadamlole kuphunzitsa, poopa kuti ophunzira achizungu angaipidwe kuimiriridwa ndi munthu wakuda. Adadzera ku West Virginia ndi ku yunivesite ya Howard, mpaka mu 1929 pamene bungwe la Rockefeller lidamlipirira ulendo wa ku Vienna, m'dziko la Austria. Kumeneko adaphunzira pansi pa Ernst Späth, katswiri wofufuza mankhwala opezeka m'zomera, nalandira udokotala wa sayansi mu 1931.

Sitikufuna kumuyeretsa mopitirira. Ali ku Vienna ankalemba makalata kwa mnzake wina, odzala ndi kudzitama ndi miseche yokhudza akuluakulu a ku Howard, ndipo mu 1932 makalatawo adasindikizidwa m'nyuzipepala. Nthaŵi yomweyo adamangiridwa mlandu wosokoneza banja la mnzake wa pantchito. Adatula pansi udindo ali ndi manyazi aakulu. Amene adamtola ndi mphunzitsi wake wakale, William Blanchard, yemwe adamuitana kuti abwerere ku DePauw kukachita kafukufuku. Mnzake wa ku Vienna, Josef Pikl, adamtsatira komweko.

Tsono apa mpamene nkhani yake ikukhudza Afirika. Ku Calabar, m'dziko la Nigeria, kuli nyemba ina yaululu imene anthu a mtundu wa Efik ankaitcha esere. Ankaigwiritsa ntchito monga m'mene makolo athu ankagwiritsira ntchito mwabvi: woganiziridwa ufiti ankamwetsedwa, akasanza napulumuka ankati ngwosalakwa, akafa ankati mlandu wamugwira. Azungu atatengera nyembayi kwawo adapezamo mankhwala otchedwa physostigmine, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1870 kudali kutadziŵika kuti kadontho kake kamachepetsa mwana wa diso ndi kutsegula njira imene madzi a m'kati mwa diso amatulukira. Imeneyi idali nkhani yaikulu kwa odwala glaucoma, nthenda imene madziwo amachuluka mphamvu mpaka kupha mtsempha woonera. Koma padalibe munthu amene adatha kupanga mankhwalaŵa ndi manja popanda nyembayo.

Julian ndi Pikl adaiyamba ntchitoyo akudziŵa kuti Robert Robinson wa ku Oxford, mmodzi mwa akatswiri oopedwa kwambiri pa nthaŵiyo, adali kale patsogolo. Atafika pafupi ndi mapeto adaona kuti chimene iwo adapanga chinkasungunuka pa kutentha kosiyana ndi kumene Robinson adalemba. Mmodzi mwa aŵiriŵa adayenera kukhala wolakwa. Munthu wakuda wopanda udindo, amene dzina lake lidali litaipa kale, adalemba poyera kuti wolakwa ndi mkulu wa ku Oxford uja. Akadaphonya, ntchito yake ya sayansi ikadathera pomwepo. Koma pamene adayerekeza chimene adapanga ndi chochokera m'nyemba yeniyeni, ziŵirizo zidafanana. Chimenechi chidali chaka cha 1935, ndipo pa 24 Disembala chaka chomwecho adakwatira Anna Roselle Johnson, mayi yemwe uja wa mlandu wa ku Howard, amene adakhala naye mpaka imfa.

Ngakhale zidatero, DePauw idakana kumpatsa uphunzitsi wokhazikika chifukwa cha khungu lake. Kampani ya DuPont idamuitana, koma itaona nkhope yake idabweza mau. Ntchito ina idapezeka m'tauni ya Appleton, koma kumeneko munthu wakuda sankaloledwa kugona usiku. Mu 1936 kampani ya Glidden ya ku Chicago, yodziŵika ndi utoto, idamlemba kukhala mkulu wa kafukufuku wa soya, nyemba yomweyi imene alimi a ku Ntcheu amalima ndi kugulitsa pa sikelo. M'menemo adatulutsamo zomatira mapepala ndi zina zambiri, kuphatikizapo zopangira thovu lozimira moto wa mafuta limene asilikali a pamadzi a America adagwiritsa ntchito pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse.

Mu 1939 padachitika ngozi. Madzi adaloŵa m'thanki ya mafuta a soya okwana magaloni 100,000, ndipo pansi pake padaundana zinthu zoyera. Antchito adaona ngati mafuta aonongeka. Julian adazizindikira, pakuti ali ku DePauw adaonapo timibulu totere m'mafuta a nyemba ya ku Calabar ija. Idali stigmasterol, imene kapangidwe kake kamafanana ndi ka timadzi tina timene thupi la munthu limapanga lokha. Chimene chidali chosoŵa kale lonse ndi njira yoitulutsira yambiri m'mafuta, ndipo ngoziyo idamuonetsa njirayo. Pofika 1940 ankapanga progesterone, mankhwala okhudza uchembere, osati m'timasupuni ayi, koma m'mapaundi.

Cortisone sadatulukire ndi iye, ndipo mabuku amene amanena choncho amalakwa. Ulemu umenewo ngwa Edward Kendall ndi Philip Hench a ku Mayo Clinic, pamodzi ndi Tadeus Reichstein wa ku Switzerland, amene adalandira mphoto ya Nobel mu 1950. Iwo ndiwo adafufuza timadzi ta m'tiziŵalo tiŵiri tokhala pamwamba pa impso. Mu Seputembala 1948 Hench ndi anzake adabaya cortisone mayi wina wa zaka 29 amene nyamakazi idampundula, ndipo patapita masiku oŵerengeka mayiyo adadzuka nayenda. Dziko lonse lidafuna mankhwalawo, koma kampani ya Merck inkaŵapanga kuchokera ku ndulu ya ng'ombe, modutsa m'masitepe oposa 30, ndipo ndulu za ng'ombe zambirimbiri zinkangokwanira wodwala mmodzi.

Gawo la Julian lidali lakuti mu 1949 adalengeza njira yopangira chinthu chotchedwa Substance S, chimene chimasiyana ndi hydrocortisone pa kanthu kamodzi kokha, atomu imodzi ya okosijeni. Kuika atomu imeneyo pamalo pake ndiko kudali kovuta. Mu 1952 akatswiri a kampani ya Upjohn adapeza kuti chuku, chonga chija chimamera pa buledi, chimatha kugwira ntchito yotereyi, ndipo posakhalitsa kudapezeka chuku china chosandutsa Substance S kukhala hydrocortisone. Ku Mexico nakonso kampani ya Syntex inkapanga mankhwala otere kuchokera ku zilazi zam'tchire. Manja ambiri adagwirapo, ndipo m'zaka zoŵerengeka mtengo udatsika kufika poti munthu wamba nkukwanitsa. Mpaka lero mankhwala ambiri a steroid amayambira ku zotsalira za mafuta a soya.

Madokotala a maso sadachedwe. Mu 1950 adali atayamba kale kuyesa mankhwala atsopanoŵa. Kale munthu wotupa m'kati mwa diso ankangodonthezeredwa atropine ndi kuthoŵedwa ndi nsalu yofunda, ndipo ena ankabayidwa mkaka kapena katemera wa taifodi kuti thupi litenthe, poyembekeza kuti kutenthako kuthamangitsa nthenda. Ambiri ankachita khungu ndithu. Steroid idasintha zonsezi, chifukwa imaziziritsa asilikali a m'thupi pamene akumenya nkhondo mopitirira muyezo mpaka kuononga diso limene akuliteteza.

Koma m'nkhaniyi muli chinthu choŵaŵa chimene aŵerengi ayenera kuchimvetsa. Munthu amene adatchuka poyamba ndi mankhwala a glaucoma adathandizanso kufalitsa mankhwala amene, akagwiritsidwa ntchito mosasamala, amayambitsa glaucoma yomweyo. Mu 1963 madokotala aŵiri a ku America, Mansour Armaly ndi Bernard Becker, aliyense payekha, adaonetsa kuti munthu akamadontheza steroid milungu inayi kapena isanu ndi umodzi, mphamvu ya madzi a m'diso imakwera mwa munthu mmodzi pa atatu alionse, ndipo mwa anthu pafupifupi 5 pa 100 imakwera moopsa. Ana ndiwo amagwidwa msanga. Choipa nchakuti diso limaoneka loyera, kuyabwa kwatha, kholo lili kukondwa nkumagulanso botolo lina popanda dokotala, pamene mtsempha ukufa mwakachetechete. Ndipo mtsempha umenewo ukafa sudzukanso. Mankhwala omweŵa amabweretsanso ng'ala akakhalitsa. Kwa mlimi amene tsamba la chimanga kapena mankhusu a mpunga amukanda m'diso pokolola, steroid ikhoza kukulitsa chilonda, pakuti imagoneka asilikali aja pamene tizilombo taloŵa. Nchifukwa chake dokotala amayamba wayang'ana ngati pali chilonda, amanena masiku oti munthu adonthezere, nalamula kuti abwerenso kudzayezetsa mphamvu ya m'diso. Wa ku Bwanje ayambire pa chipatala chapafupi kapena cha boma ku Ntcheu. Zikakula kuli zipatala za maso ku Nkhoma, ku Zomba, ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Tibwerere kwa mwini nkhani. Mu 1947 adalandira mendulo ya Spingarn, ulemu waukulu pakati pa anthu akuda a ku America, ndipo mu 1950 adatchedwa munthu wopambana wa chaka mumzinda wa Chicago. Chaka chomwecho adagula nyumba ku Oak Park, dera la azungu. Mu Novembala, banja lisanasamukiremo, anthu ena adathira petulo m'nyumbamo kuti aitenthe. Mu Juni 1951 adaponyerapo bomba. Julian sadasamuke. Adalemba alonda, ndipo usiku wina ankakwera yekha mumtengo wa pabwalo ali ndi mfuti, mwana wake wamwamuna ali pambali pake. Ena mwa azungu oyandikana naye adachita manyazi nayamba kuima naye.

Adachoka ku Glidden mu 1953 nakhazikitsa kampani yakeyake, Julian Laboratories, ku Franklin Park, pamodzi ndi fakitale ina ku Mexico yofinya zilazi. Kumeneko adalemba ntchito akatswiri akuda ambiri amene makampani ena ankaŵakana. Mu 1961 adagulitsa kampaniyo kwa Smith, Kline and French pa mtengo wa madola 2.3 miliyoni, ndipo zina mwa ndalama zake adathandizira nazo mabungwe omenyera ufulu wa anthu akuda. Zinthu zimene adatulukira nazilembetsa m'kaundula wa boma zidaposa 130. Mu 1973 adasankhidwa kuloŵa m'bungwe la National Academy of Sciences, ali munthu wakuda wachiŵiri kulandira ulemuwo.

Adamwalira ndi khansa ya chiŵindi pa 19 Epulo 1975 ku Waukegan, patangopita masiku asanu ndi atatu chikwanitsire zaka 76. Mu 1993 boma la America lidaika nkhope yake pa sitampa. Mkazi wake adamwalira chaka chotsatira, ndipo mwana wawo wamkazi adakhalabe zaka zambiri m'nyumba ija ya ku Oak Park.